Zidutswa za Filimu ya Amakanika

Tsiku limene Kapitawo anabwera kudzabwereka foni yanga, ndinadziwiratu kuti pali kanthu. Mwana ameneyu safika pakhomo pano asanaimbe, ndipo akafika sakhala pansi, amangoima pakhonde ngati wodzawerenga mita ya magetsi. Koma tsiku limenelo analowa mpaka m'kachipinda kanga kosokeramo, n'kukhala pampando wa makasitomala, n'kuyamba kuyamikira diresi limene ndinkapinda m'munsi. Ndinati chamumtima, ehe, lero kugwa mvula.

Kapitawo ndi mwana wamkazi, woyamba wa malemu mwamuna wanga. Dzinali anam'patsa ndi bambo ake omwe, chifukwa chiyambire ali kamwana ntchito yake n'kulamula anthu. Ine ndinalowa m'nyumba muno mayi ake atamwalira kale, iye ali ku sekondale. Mlongo wake anayamba kunditchula amayi mwezi usanathe. Kapitawo anasankha zoti anti, ndipo pa anti pomwepo waimapo mpaka lero, ngakhale tsopano ndi nesi wamkulu, mayi wa ana awiri. Ine wanga wobereka ndekha ndilibe. Nkhani imeneyo sitiikamba, koma aliyense amaidziwa.

"Anti," anatero, "tsiku lobadwa la adadi layandikira. Aka n'koyamba kuti litipeze iwo kulibe. Ndikufuna tonse tidzasonkhane kuno, tidzaonere vidiyo yawo. Koma osati timavidiyo ta pafoni todukaduka tija. Ndapeza munthu woti atilumikize, atikonze bwinobwino, zioneke ngati filimu yeniyeni."

"Filimu? Bambo ako anali makanika, sanali wazisudzo."

"Mavidiyo ambiri ali m'foni mwanu. Ndibwerekeni, mawa ndibweza."

Apo sananame. Chipumireni ntchito kugaraja, bambo aja ndinkawajambula ine. Kaya ali pansi pa galimoto ya aneba, kaya akuvina ndi zidzukulu, kaya agona pasofa rimoti ili pamimba, foni yanga inali pomwepo. Iwo ankanditchula Atelala, ine ndinkawatchula Amakanika. Chimwalirireni ndinali ndisanatsegulepo vidiyo ngakhale imodzi, mtima unkakana. Foniyo ndinam'patsa, koma ndinam'perekeza ndi diso mpaka kugeti.

Mawa lake anabwezadi, itakulungidwa m'kajumbo kokhala ndi chidindo cha shopu ya mavidiyo. Patapita masiku ananditumizira chigawo choyamba, ndi mawu akuti, "Taonani kaye, anti, koma sinathe." Mwamwayi mng'ono wanga anali pomwepo, anabwera kudzayesa bulauzi. Tinakhala pabenchi, mitu pamodzi.

Ndisaname, chinthucho chinali chokongola. Pamwamba ndi pansi anaikapo mizere yakuda ngati mafilimu a pa TV. Mtundu wake unali ngati dzuwa la madzulo, ngakhale khoma lathu lothimbirira lija limaoneka la anthu olemera. Amakanika ankayenda pang'onopang'ono, akupukuta manja ndi kansanza, kumbuyo kwawo kuli mbuu, nyimbo ya piyano ikulira chapansipansi. Mng'ono wanga anayamba kufwenthera.

Ine sindinalire. Ndinali pa ntchito yofunafuna. Kapitawo analimo. Mlongo wake analimo, ndi mkazi wake, ndi zidzukulu zonse. Alamu anga analimo, ngakhale galu wa aneba analimo. Chithunzi cha mayi ake a Kapitawo, chimene ndachipukuta fumbi zaka zonsezi pakhoma la pabalaza, anachikokera pafupi pang'onopang'ono mpaka chinadzaza foni yonse. Ine ndinaona dzanja langa likupereka kapu, kenako kanthu kobiriwira kakudutsa kumbuyo m'chimbuuzi chija, kamene ndinakazindikira chifukwa diresilo ndinasoka ndekha. Mawu anga munalibe ngakhale kutsokomola. Ndipo Amakanika sanatembenukire kwa ine ngakhale kamodzi. Paliponse anali cham'mbali kapena atandifulatira.

"Achemwali," anatero mng'ono wanga akupukuta mphuno, "inu muli pati?"

"Ukundifunsa ine?"

"Iii, akudulanitu. Anthu amayamba chonchi. Lero vidiyo, mawa mudzapeza loko watsopano pachitseko."

Mng'ono wangayu amakonda kuthira palafini pamoto, ndimam'dziwa. Za nyumba sizinandiopse. Chimene chinandibaya n'chakuti vidiyo imeneyi ndi imene idzatsale. Zidzukulu zija zidzakula, zidzaionera, zidzaonetsa ana awo, ndipo m'menemo agogo awo aamuna adzakhala munthu amene anakalamba yekha. Zaka zonse zimene ndawachapira maovolosi a girisi, usiku ndi usana wa kuchipatala, zonsezo zisanduke dzanja ndi kapu. Komanso ndidzakhale pabalaza langa lomwe, pamaso pa abale onse, n'kumaombera m'manja kufufutidwa kwanga. Zinandiwawa, ndipo ndinapsa mtima kwabasi.

Ine ndine telala. Nsalu yodulidwa mwangozi ndi yodulidwa dala ndimaisiyanitsa ndili patali. Apa lumo linayenda molunjika kwambiri.

Ndinamuimbira Kapitawo. Anayankha mothamanga, "Anti, ndili pantchito. Ndanena kale kuti sinathe." N'kudula. Mawu akuti sinathe amenewo anandizungulira m'mutu tsiku lonse. Chatsala n'chiyani, kudula dzanja lija? Ndinakumbukira mmene anayamikirira diresi langa, iye amene sanandiyamikirepo ngakhale batani. Ndinakumbukiranso kuti sabata yathayo alamu anga anandipatsa moni wautali modabwitsa. Zonse zinayamba kulumikizana. Ndinasoka mkono wa malaya a kasitomala chozondoka, n'kuchita kusomola.

Mng'ono wanga anati apite iyeyo akafufuze. Ndinakana. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndinatenga kajumbo ka chidindo kaja, m'mawa mwake n'kukwera basi.

Shopuyo inali m'mwamba, pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Unkakwera masitepe opapatiza, n'kudutsa wokonza mafoni, n'kudutsa wa fotokope, kenako chitseko chomaliza. Mkati munali mdima ngakhale kunja dzuwa linali phwee, makatani atatsekedwa, fani ikuzungulira ndi kaphokoso. Patebulo panali masikirini awiri ndi mawaya osawerengeka. Pa sikirini imodzi panali Amakanika anga, ataima chilili cham'mbali, sipanala ili m'manja.

Mwini shopu anali bambo wandevu, wa kapusi, mahedifoni ali m'khosi. Wa fotokope anali atandiuza kuti amam'tchula Dayirekita. Ndinaganiza zoyamba mochenjera, ngati kasitomala wamba.

"Ndamva kuti mumakonza mavidiyo a panyumba," ndinatero.

Anatembenuka msangamsanga. "Mayi, tanenaninso."

"Ndati ndamva kuti..."

"Haa! Ndinu mayi a dikirani kaye!" Anaomba m'manja akuseka. "Mawu amenewa akhala m'makutu mwangamu sabata yonse. Ndinu amene munkajambula. Takhalani pansi, mayi."

Za dikirani kaye sindinazimvetse, ndipo sindinabwerere nthabwala. Sindinakhale pansi. "Poti mwandidziwa, ndiuzeni. Ine m'filimu mwanumu ndili pati?"

Bamboyo anaoneka kuti sanamve kupsa mtima kwanga, anangomva mwayi wophunzitsa. Anakokera mpando pafupi ndi kompyuta.

"Mayi, musandikwiyire, koma kajambulidwe kanu kanandipatsa ntchito. Choyamba, foni munkaigwira choimika. Filimu imakhala chogona. Ndiye ndimayenera kudula pamwamba ndi pansi, wina aliyense amene waima mutu umapita. Chachiwiri, kugwedera. Chachitatu, kumbuyo kumaoneka zinthu zambirimbiri, mabeseni, zochapa pachingwe, ndiye ndimakuchititsa mbuu kuti diso likhale pa munthu mmodzi."

"Ndi ine ndemwe mwandichititsa mbuu pamodzi ndi mabeseni."

"Makinawo sasankha, mayi. Amene ali kumbuyo ndi kumbuyo basi. Koma chimene chinandidya mutu kwambiri ndi bambowa." Analoza sikirini. "Lamulo loyamba la filimu, munthu sayang'ana kamera. Akangoyang'ana, basi yasanduka vidiyo ya panyumba. Koma bambowa, mayo ine! Akagwira sipanala, ayang'ana kamera. Akanyamula mwana, ayang'ana kamera. Akaluma buledi, ayang'ana kamera. Ndachita kutola timphindi tating'onoting'ono pamene ayang'ana kumbali. Kwina konseko ndinadula."

Anayankhula monyadira, ngati munthu amene wachotsa minga m'phazi la mwana.

"Bambo inu," ndinatero, "kamera yake iti? Munthu uja kamera analibe nayo ntchito. Ankayang'ana ine."

Dayirekita anavula kapusi. Anakanda ndevu.

Komabe sindinakhutire. Zodula maso ndi zake, chabwino, uchitsiru wa ntchito yake. Koma galu wamkota sakandira pachabe, ndipo ine ndinkanunkhiza chinthu china. "Nanga mawu anga? Nawonso ndi lamulo la filimu?"

"Kawirikawiri mawu a wojambula timachotsa, timaika nyimbo."

"Sindinafunse za kawirikawiri. Munachotsa nokha, kapena wina anakuuzani?"

Anayang'ana fani. Anayang'ana mawaya. "Ine ndimafunsa kaye kasitomala. Ndinawafunsa kuti mawu tisiye kapena tiike nyimbo."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati nyimbo. Paliponse."

Ehe! Si izo? Magazi anandithamanga mpaka m'makutu. Ndiye kuti sindinapenge, mwana ameneyu anakhala pampando womwewu n'kulamula kuti anditseke pakamwa. Ndinafuna kuzula mawaya onse aja, koma ndinakumbukira kuti Amakanika ali momwemo.

"Zidutswa zili kuti?" ndinafunsa.

"Zidutswa?"

"Zimene mwadulazo. Ine ndikadula nsalu, zidutswa ndimasunga m'thumba, mwini wake akazifuna ndimam'patsa. Zanga zili kuti?"

"Zilipo, sinditaya. Ndipotu mwana wanuyo ndi zimene akubwerera masiku ano. Dzulo anali pano, dzana anali pano, nthawi yopuma masana. Amangovala mahedifoni n'kumaonera zodulidwazo, osayankhula. Leronso akubwera."

Akuzifuniranji? Ndinaganiza kuti akufuna kutsimikiza kuti palibe chatsala, kenako azifufute. Ndinakhala pansi tsopano, chikwama pamiyendo, maso pachitseko. Dayirekita anandifunsa ngati ndingamwe madzi. Ndinakana, za m'nyumba ya adani sindimwa.

Masana chitseko chinatseguka, Kapitawo n'kulowa ali mu yunifolomu. Atandiona anaima pomwepo, dzanja lili pachogwirira.

"Anti."

"Eya, anti. Uja wa dzanja ndi kapu. Tseka chitseko, undiuze pamaso panga. Mawu anga unachotsetsa ndiwe?"

Ndinkayembekeza kuti akana, kapena am'kankhira Dayirekita. Koma Kapitawo ndi mwana wa bambo ake, bodza salitha.

"Ndine."

"Ndinakulakwira chiyani, mwana iwe? Yunifolomu yako yoyamba anakusokera ndani? Bambo ako akudwala, ankawatembenuza pabedi ndani?"

"Ndinu. Palibe chimene munandilakwira." Anaika chikwama patebulo, osandiyang'ana. "Amayi anga alibe vidiyo ngakhale imodzi, anti. Nthawi imeneyo kunalibe mafoni awa. Mawu awo ndinawaiwala. Ndimayesa kuwakumbukira, amabwera ndi anu. Ndiye atandifunsa bambowa, ndinati kamodzi kokha ndiwaone adadi popanda kumva inu. Ndi zoipa, ndikudziwa. Koma ndi zimene ndinaganiza."

Ndinakwiyabe, musaganize kuti ndinasiya. Kungoti mkwiyowo unasowa pokhala.

"Koma taonani zimene zinatuluka," anatero. "Bambo, tabwezerani paja pa khonde."

Dayirekita anadina. Amakanika anaoneka atakhala pakhonde cham'mbali, piyano ikulira. Milomo yawo inkayenda, kenako anaponya mutu kumbuyo n'kuseka mpaka kugwira pamimba, pang'onopang'ono monga mwa filimu.

"Akuseka ndi ndani?" anafunsa Kapitawo. "Akuyankha ndani? Filimu yonse ili chonchi. Munthu akuyankhula yekha, akuseka yekha, ngati mutu sukuyenda bwino. Amenewa si adadi. N'chifukwa chake ndinkati sinathe. Ndinawapempha bambowa kuti alumikize zimene anadula zija, mawu ali momwemo."

"Ndalumikiza," anatero Dayirekita monyinyirika, "koma ndineneretu, imeneyo si filimu."

"Tayatsani."

Mizere yakuda ija inachoka. Chithunzi chinaima chopapatiza pakati pa sikirini, chikugwedera, mphepo ikuwomba m'maikolofoni, zochapa zili balala pachingwe. Ndipo Amakanika anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo.

Anali pakhonde pomwe paja. Anamenya kawiri pabenchi ndi chikhatho. "Atelala, siyani foniyo, bwerani mukhale apa."

Kenako mawu anga, akuthwa, ali pafupi kwambiri: "Dikirani kaye, musagwedezeke!"

Chidutswa china. Tsiku la ukwati wa mlongo wake wa Kapitawo, Amakanika ali mu suti imene ndinaibweza m'chiuno. Pambali pawo mpando wopanda munthu, dzanja lawo lili pamenepo kuusungira. "Atelala, mpando wanu uwu." Ine: "Dikirani kaye, keke ikubwera."

China. Pabalaza, zidzukulu zawakwera paliponse. "Perekani foniyo kwa mwana, mulowemo nanunso." Ine: "Dikirani kaye, tsitsi langa silili bwino."

China, chinanso. Pagalimoto, patebulo, pa kapinga. Malaya ankasintha, imvi zinkachuluka, thupi linkachepa, koma dzanja linali lomwelo, likumenya pamalo opanda munthu. Ndipo mayi uja wa kuseri kwa foni yankho lake linali limodzi. Dayirekita sanasekenso.

Chomaliza chinali cha kuchipatala. Ndinali nditaiwala kuti ndinajambula. Amakanika ali pabedi, kachubu kali padzanja, akudzikoka movutikira kuti asendere kukhoma. Anasiya kampata kakang'ono pamatiresi. Mawu anali atatha, ankachita kunong'ona. "Atelala, apa pali malo."

"Dikirani kaye, ndijambule ana aone kuti lero mwadzuka bwino."

Anamwetulira, n'kusiya dzanja pakampata paja. Vidiyo inathera pomwepo, chithunzi n'kuima.

Ndinalira, ndipo sindinabise, ndinalira ngati tsiku loyamba la maliro.

"Ndinakufunafunani, anti," anatero Kapitawo chapansipansi. "M'foni mwanu, mwanga, mwa achimwene. Ndimafuna nkhope yanu ili pambali pa adadi, ngakhale kamphindi. Mawu ndinachotsa ndine, ndavomera. Koma nkhope sindinadule. Munalibemo."

Ndinabwera kudzagwira wakuba, ndipo theka la katunduyo ndinalipeza m'manja mwanga.

Kapitawo anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, kamodzi kokha, n'kubwerera ku ukapitawo wake. Anakoka mpando wapulasitiki n'kuuika pambali pa sikirini, mbali imene kunali dzanja la bambo ake. Anatsegula katani, kuwala n'kulowa. Kenako anatulutsa foni yake.

"Khalani apa."

Ndinadziyang'ana. Diresi linali ndi ulusi paliponse, maso atatupa, mpango utapendekeka. "Iwe, ndili chonchi? Dikira ka..."

"Ayi, anti. Adadi anadikira mokwanira."

Ndinadzuka n'kukakhala. Sikirini inali yofunda paphewa langa.

Dayirekita analephera kupirira. "Foniyo igonekeni, chonde. Ndipo mayi, musayang'ane kamera, yang'anani cha kuwindo uko."

"Bambo, takhalani chete," anatero Kapitawo, foni ili choimika.

Kuwindo sindinayang'aneko. Ndinayang'ana amene anagwira foniyo, ndipo iye sanathawitse maso. Manja ake ankanjenjemera, moti vidiyo imeneyo ikugwedera kuyambira poyamba mpaka pomaliza.